Kalata Yoyamikira Eni ndi Antchito a Peter Café Sport, Malo Odyera ndi Omwera ku Horta

Olemekezeka eni ndi antchito nonse,

Ndikulemba m'malo mwa banja lathu, amuna anga, ana athu awiri ndi ine, pofuna kukuthokozani chifukwa cha zimene munatichitira mu Meyi 2020, pamene tinaponya nangula padoko la Horta, pachilumba cha Faial cha dziko la Portugal, titatha masabata atatu pakati pa nyanja ya Atlantic.

Boti lathu lamatanga ndilo nyumba yathu: timagonamo, timaphikamo, ndipo ana amaphunziriramo. Mliri wa Covid-19 unatipeza ku Caribbean, kumene zilumba zinayamba kutseka madoko awo m'mwezi wa Malichi. Kukhalabe kumeneko kunali kudikira nyengo ya anamondwe, imene imayamba pa 1 Juni, pamene kunyamuka kunali kuwoloka mamailosi oposa 2,000 tisakudziwa ngati kutsidyako tikalandiridwa. Tinasankha kunyamuka.

Titafika ku Horta tinauzidwa kuti tikhoza kuima padoko koma sitiloledwa kuponda kumtunda. Lamulo limeneli sindinadane nalo, ndipo mpaka lero ndimaona kuti linali lanzeru, pakuti chilumba cha anthu pafupifupi 15,000 chimene chili kutali chotere ndi Lisbon, likulu la Portugal, sichikanatha kupirira matenda atabuka mwamphamvu. Komabe lamulo lokha silidyetsa mwana. M'botimo munatsala mpunga pang'ono ndi zam'chitini, ndiwo zamasamba zinali zitatha kalekale, ndipo mwana wathu wamng'ono ankangoyang'ana nyumba zoyera za m'tauniyo ndi phiri la Pico kutsidya kwa madzi, n'kumafunsa chimene tinalakwa kuti atikanize kutsika.

Yankho la funso lakelo munabwera nalo ndinu. Antchito anu anafika pa kaboti ka injini atavala zotchinga kukamwa ndi mphuno, anatilonjera mwansangala, ndipo anatiuza kuti tilembe zonse zimene tikusowa n'kuwatumizira pafoni. Tsiku lotsatira anabweretsa buledi, mazira, malalanje, kabichi, tchizi ndi mankhwala a mphumu a mwana wathu wamkulu, amene anali atatsala a masiku owerengeka. Pamndandandapo ndinalembanso ufa wa chimanga, ngakhale kuti ndinkakayika ngati angaupeze, koma anaupeza. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo usiku umenewo ndinaphika nsima m'kakhitchini kathu kopapatiza, ana anadya mpaka kukhuta, n'kugona tulo tabwino koyamba chichokereni ku Caribbean.

Chimene chinandikhudza kwambiri si katunduyo ayi, koma mmene anthu anuwo ankatiyankhulira. M'miyezi imeneyo tinali titazolowera kuonedwa ngati onyamula matenda, anthu oyenera kuwathamangitsa asanayandikire gombe. Antchito anu ankasunga mtunda umene azaumoyo analamula, ankapereka matumba motalikira, koma sanathamangire kuchoka. Ankafunsa za ulendo wathu, ankakumbukira mayina a ana, ndipo tsiku lina anatithandiza kupeza chingwe cholowa m'malo mwa chimene chinaduka panyanja. Ankachita zimenezi boti ndi boti, ngakhale tsiku la mvula, pomwe bizinesi yanu inalibe alendo monga mwa masiku onse.

Ndinamva kale kuti kuyambira 1918 malo anu akhala akulandira amalinyero ndi kuwasungira makalata, koma ife tinalandiridwa ndi inu tisanaone n'komwe khomo lanu. Tinanyamuka kupita ku Britain osaponda nthaka ya Faial, choncho sitinajambule chizindikiro cha boti lathu pakhoma la doko monga mwambo wa amalinyero umanenera. Ana anachijambula kale papepala ndipo chili pakhoma pamwamba pa bedi lawo. Tikadzabwera tidzachijambula pamalo pake, kenako tidzalowa kudzakugwirani chanza.

Ine wanu wothokoza,
Mayi wa ana awiri aja a m'boti la matanga ofiira