Za wailesi ya malemu abambo ndi ndalama ya Epulo ija

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ku Joni ndilipo, chifuwa chija chinapola, kungoti Juni wa kuno amaposa chiperoni cha kwathu, m'mawa zala zimachita kukanika kumanga mabatani. Achemwali muwawerengere amayi zonse, musadumphe ayi ngakhale pamene pakuwawa.

Ndalandira Lachisanu ndipo ndatumiza kale pa Mukuru, koma musanakatape timvane kaye za ya Epulo ija. Ndinatumiza ma rand 700 ndipo ndinanena momveka kuti 300 ndi yokonzetsera wailesi ya abambo, yotsalayo sopo ndi chigayo. Lero ndikumva kuti wailesi ili chete pa kabati mpaka pano, eti mng'ono wanga anapita nayo kwa wokonza wina pa Limbuli ndiye anauzidwa kuti yapsa yonse bola kugula ina. Yapsa chani? Wailesi siipsa yonse ngati nyumba ya udzu, chimapsa ndi chinthu chimodzi ndipo chili ndi dzina lake. Nanga 300 ija inapsera limodzi?

Iwe mng'ono wanga tsopano ndikulankhula ndi iwe. Alamu anandiuza kuti pa Khirisimasi munkaimba nayo panja mutailumikiza ndi mawaya awiri ku batire la sola. Wailesi imeneyo imadya mabatire akuluakulu 6, lililonse ndi 1.5, ukaphatikiza ndi ma volts 9, pamene batire la sola ndi 12, komanso ukangosinthanitsa waya wofiira ndi wakuda imafa pomwepo osatsanzika. Ngati ndi zomwe zinachitika ungonena, sindikumenya pa foni. Koma ine ndikukaika kuti kwa wokonzako unafikako nkomwe.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ndamva zoti amalume akuiyang'ana.

Pano pomwe ndimakhala pali mkulu wina wa ku Mozambique amakonza ma TV ndi mawailesi, Lamlungu ndimakhala naye nkumamugwirira tochi, ndiye zimene ndikuuzezi ndaziona ndi maso. Uyambe kutsegula kachitseko ka mabatire kumbuyo, uyang'ane masipuling'i ndi tizitsulo timene batire limagunda. Paja nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 nyumba inalowa madzi ndipo mabatire munawasiya momwemo miyezi, batire likakhalitsa limatuluka madzi ake aja nkusiya zoyerayera zobiriwira ngati nkhungu, moto sungadutse pamenepo. Upukute ndi kansalu konyowetsa viniga, ziume, kenako upale ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Sipuling'i ikakhala kuti yafooka uikoke pang'ono kuti izikankha. Ndiye uike mabatire atsopano onse 6, osati aja mumayanika padzuwa kapena kusakaniza atatu akale atatu atsopano ayi, ndipo uone mitu yake kuti yaloza komwe kajambulidwa.

Ikakanabe usathamangire kumasula. Pa bowo pomwe pamalowa chingwe cha magetsi pali kaswitchi kobisika mkati, ntchito yake nkudula mabatire ukalowetsa chingwe. Kakachita dzimbiri kamakakamira, wailesi nkumaona ngati chingwe chilimobe. Ulowetse ndi kutulutsa chingwecho kakhumi chisanalumikizidwe kukhoma, mkulu uja wadzutsa mawailesi angapo ndi zimenezi basi ine ndikuona, eni ake nkulipira.

Amayi, mankhwala a BP aja mukumwa? Pa ndalama yatsopanoyi muyambe kugula amenewo, achemwali ndi amene agwire, osati mnyamatayu.

Kenako iwe mng'ono wanga upite nayo wailesiyo kwa aphunzitsi aja ali ndi magetsi a ESCOM ukayese kukhoma. Usanalumikize uone kumbuyo ngati pali kotembenuza kolembedwa 110 ndi 220, kakhale pa 220, kakakhala pa 110 ndiye thiransifoma imapsa nthawi yomweyo. Ikalira pa magetsi koma osalira pa mabatire vuto ndi kumabatire konkuja. Ikalira pa mabatire koma pa magetsi zii, ndiye ndi chingwe, fyuzi kapena thiransifoma, ndipo thiransifoma yopsa imamveka fungo ukanunkhiza pa timabowo ta kumbuyo. Fyuzi ndi kagalasi kakang'ono kokhala ndi kawaya mkati, ndi yotchipa, ugule ya nambala yomweyo. Usakulunge ndi pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya ngati mmene amachitira anzako aja. Ndipo usatsegule chingwe chili kukhoma, tinalira kale abambo zakwana.

Mwina wailesi izilankhula koma kaseti osayenda. Pamenepo ugunditse khutu udine play, ukamva mota ikulira chapansipansi koma tepi osazungulira ndi lamba, malamba akale amasungunuka nkukhala ngati phula. Ikamayenda mokoka mawu ngati munthu woledzera kawirikawiri ndi mabatire, mota imadya moto kuposa wailesi. Lamba ndikhoza kupatsira adalaivala a basi obwera ku Blantyre, ungondijambulira nambala yolembedwa kumbuyo kwa wailesiyo.

Koma kaseti ija yolembedwa ndi bolopeni yofiira, ya pa chinkhoswe cha achemwali momwe muli mawu a abambo akulangiza, musaiikemo mpaka ine nditanena. Makina odwala amatafuna tepi. Amayi muichotse pa kabati muiike mu sutikesi yanu pansi pa zitenje, kiyi musunge nokha. Poyesa ayesere makaseti ena aja.

Ndikudziwa wina anena kuti bwanji osangogula yatsopano ya memory card pa Chitakale. Koma yakaleyi abambo anabwera nayo pa phewa kuchokera ku Theba, ku migodi ya kuno, ine ndisanabadwe, ndipo madzulo alionse akaweruka ku tiyi amakhala nayo pakhonde, phiri litafunda mtambo, nkumvera mauthenga a maliro pa MBC ife tili chete kuopa kukalipiridwa. Kuno ndikaweruka ndimangomva ma taxi.

Ndiye 300 ija. Mabatire 6 ndi sandipepa sizingafike pamenepo. Ngati wokonza uja alipodi, upite ndi achemwali akakuonetseni chopsacho, muchijambule munditumizire pa WhatsApp pamodzi ndi mtengo wake pofika Loweruka. Ngati kulibe wokonza, undiuze komwe inapita, kaya ndi mpira wa betting kaya ndi mtsikana wa ku Muloza uja ndamumva. Mukuyesa kuno timachita kutola, ine ndimadzuka 4 koloko kukadikira taxi mumdima. Za jombo unapempha zija ziyembekeze kaye.

Nandolo akacha musagulitse yense kwa mavenda, musiyeko thumba limodzi. Moni kwa amalume ndi azakhali, ndi ana onse.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni