Mowa wa hop wauwisi ku Kent ndi wolawa pa nyengo yake

A Mkonzi,

Nkhani za mowa m'nyuzipepala zimakonda kuthera pa uchidakwa ndi ngozi zapamsewu, ndipo zimenezo n'zofunika, koma ndiloleni lero ndikambeko za mowa monga chinthu chochokera m'munda.

Kuno ku Kent, kum'mwera chakum'mawa kwa England, mwezi wa Seputembala ndi wokolola hop, chomera choyanga chimene timaluwa take tobiriwira timachititsa mowa kuwawa ndi kununkhira. Chomerachi chakhala chikulimidwa kuno kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo kale mabanja osauka a ku London ankabwera pasitima kudzagwira ganyu wothyola, kufikira pamene makina anawalanda ntchitoyo m'ma 1950 ndi 1960. Mwachizolowezi hop akathyoledwa amayamba waumitsidwa ndi moto, monga fodya wa m'balani, kuti asungike chaka chonse, ndipo nyumba zakale zoumitsiramo, zozungulira ndi za madenga osongoka, zikuonekabe m'midzi yambiri.

Pa nyengo imeneyi yokha, ofulula mowa ang'onoang'ono amaidumpha ntchito youmitsayo. Lamulo limene anagwirizana pa mowa wotchedwa Kent Green Hop Beer n'lakuti hop alowe mumphika pasanathe maola 12 chithyoledwere, chifukwa akachedwa amayamba kufunda n'kuwola. Popeza pafupifupi 80 peresenti ya duwa lauwisi ndi madzi, wofulula amathira ochuluka kangapo kuposa ouma, ndipo ndalama zimapita zambiri.

Mowa umene ndinalawa ku Canterbury, mzinda wa kuno ku Kent, unali wa mtundu wa hop wotchedwa East Kent Goldings. Anaupopa pamanja kuchokera mumgolo, uli wozizira pang'ono chabe, wa maonekedwe a golide, thovu lake lochepa. Usanafike pakamwa umamveka fungo la udzu womweta kumene ndi khoko la ndimu. Kuwawa kwake n'kofatsa, kumabwera mochedwa kumapeto kwa lilime, ndipo pamilomo pamatsala kamafuta komata, kochokera mu ufa wachikasu umene umaoneka munthu akalifikisa duwalo m'manja. Woumeza mothamanga, ngati akuthetsa ludzu, sangamve chilichonse mwa zimenezi, ndipo angotaya ndalama zake.

Sindikunena kuti mowa wina uliwonse wotchedwa Kent Green Hop Beer ndi wabwino. Wina umamveka ngati msuzi wa masamba owiritsa, chifukwa wofulula alibe mpata woyesera kawiri. Mbewu ikapsa amafulula kamodzi, zikalakwika adikire chaka chamawa. Koma kwa ine apa ndiye pagona ubwino wake. Mowa wa m'mafakitale akuluakulu amaupanga kuti ukhale chimodzimodzi mu Januwale ndi mu Okutobala, pamene uwu umasintha malinga ndi mvula ndi dzuwa la chaka chimenecho, ndipo sungafululidwe kutali ndi mlimi, popeza maola 12 salola ulendo wautali. Wofulula amayenera kumudziwa mwini munda ndi kugwirizana naye tsiku lothyola.

Abale athu okhala ku Britain, amene amamwa ndipo zaka 18 anakwanitsa, adziwe kuti mowawu umayamba kupezeka kumapeto kwa Seputembala ndipo umatha m'milungu yochepa. Apite pasitima, galimoto aisiye kunyumba, ndipo aitanitse theka la painti kuti athe kuyerekeza wa ofulula awiri kapena atatu mutu udakali bwino.

Ndine wowerenga wanu,
Canterbury, England