Tisataye mayina a zoseweretsa za ana athu

Akonzi,

Ndipatseniko ka malo pang'ono ndinenepo za nkhani imene anthu ena aiona ngati yachibwana koma ine yandikhala pamtima sabata yonseyi. Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Scotland, ndiye tsiku lina ananditumizira vidiyo pa WhatsApp, kamwana kake kakutsetsereka paphiri loyera mbee ndi chipale chofewa chija amati sinowo, katakhala pa kathabwa kamene bambo ake anakhoma okha ndi misomali. Ndinamufunsa kuti chimenecho amachitcha chani, iye nkundiyankha kuti kumeneko amati sledge, ku America amati sled, ku Canada kuli mawu akuti toboggan amene azungu anabwereka kwa eni dziko aja anawapeza kumeneko, ndipo ngakhale ku Germany komweko akumpoto amakonda kunena kuti Schlitten pomwe kummwera ndi ku Austria mumva Rodel. Chinthu chimodzi mayina mbwee, ndipo palibe amene amachita nawo manyazi.

Ndiye ndinakhala phee nkukumbukira kuti aaa nafenso tinali nacho chathu ngakhale kuno ku Nkhotakota sinowo sitinamuonepo. Mvula ikagwa mu Januwale tinkathamangira pa chulu chachikulu kuseri kwa mudzi, dothi la katondo litalowa madzi, tinkathiraponso madzi ena ndi zitini kuti paterere bwinobwino. Chokwerapo chake tinkadula tsinde la tsamba la mgwalangwa, kuja kotambalala kokhala ngati chipande, umakhala pamenepo miyendo kutsogolo manja utagwira phesi, mnzako nkukukankha kumsana basi tereee mpaka kumunsi mmatope. Nthawi ya chilimwe tinkamangako luzi kapena chingwe cha khoka lakutha nkumakokana pa mchenga kunyanja, wamng'ono akukwera wamkulu akukoka, kabudula amabooka kumatako sabata isanathe koma mawa lake tinali pomwepo.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga. Ife ana a asodzi chinthu chimenechi tinkachitcha bwato, ena ngalawa, mawu akuti ngalawawa ndi achiSwahili ndipo sizodabwitsa poti kuno kunali a Jumbe amene anafika cha mma 1840 ndipo chiSwahili chinasiya mapazi ake mchilankhulo chathu cha ku Linga kuno. Asuweni anga ochokera kumtunda ku Ntchisi akabwera pa holide ankati ayi imeneyi ndi ngolo, ndipo wokokayo amayenera kulira ngati ng'ombe, tinkakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana. Agogo aamuna amene anakhalitsa ku Halale akationa ankaseka nkumati mwapanga chireyi, kuti kumeneko ndi mmene amatchulira chimtengo cha mphanda chokokedwa ndi ng'ombe chopanda mateyala. Mwana aliyense ankapatsa dzina molingana ndi chimene makolo ake amadyera, ukangomva dzinalo unkadziwiratu kuti uyu kwawo nkuti.

Lero ana akusewerabe, musanamizidwe kuti onse ali pa foni. Dzana lomweli ndaona adzukulu anga atang'amba chigubu chachikasu cha malita 20 chija cha mafuta ophikira, aboola mabowo awiri ndi msomali wamoto, alowetsa chingwe cha neti yakale ya udzudzu, akukokana pabwalo fumbi koboo. Ndawafunsa dzina akuti ndi Sienta, wina akuti kabaza. Zandisangalatsa ndithu poti nzeru ndi yomwe ija, koma nditawauza kuti ife tinkati ngalawa anangondiyang'ana, mawuwo sanawalumikize nkomwe ndi seweroli.

Chimene chimandiwawa nchakuti mawu akumudzi timawapha tokha. Mdzukulu wanga wina analemba nsawa mu chimangirizo kusukulu, aphunzitsi nkudula ndi bolopeni yofiira kulembapo mtedza, mwana anabwera kunyumba akuti agogo mumatiphunzitsa Chichewa cholakwika. Cholakwika chake chiti? Nsawa ndi mawu athu kuno kuchigawo chapakati, chimodzimodzi atsibweni amene ena amati malume. Ndikudziwa kuti chiyambire 1968 pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko pakhala kufunika kalembedwe kamodzi ka mmabuku, ndipo zimenezo sindikutsutsa, koma kalembedwe kamodzi sikutanthauza kuti mawu a ku Nkhotakota, a ku Dedza kapena a ku Nsanje akwiriridwe.

Pempho langa lipite kwa a Centre for Language Studies ku Zomba amene analowa mmalo mwa Chichewa Board mu 1996, tumizani ophunzira anu mmidzi akakhale pansi ndi agogo ndi ana omwe, afunse mayina a nguli, nsikwa, katungwe, mpira wa chikulunga, galimoto zamawaya ndi chokokana chathuchi, alembe dera ndi dera. Inunso akonzi tipatseni ka kona munyuzi yanuyi, owerenga a ku Salima, Chipoka, Dwangwa ndi kwina konse atiuze kuti kwawo ankachitcha chani ndipo ankapangira chani, ine ndayamba kale kulemba mkope mayina amene ndikumva kwa anzanga kudoko la ku Chia ndipo ndikonzeka kuwatumiza.

Ine wowerenga wanu,
Linga, Nkhotakota