Kalata kwa mwana wanga ku America

Wokondedwa mwana wanga,

Amayi ako andifotokozera zonse. Akuti timu yako ya mpira wa ku America (American football) yakuchotsa Lolemba, mpira uja utadutsa kunja kwa mtengo Lamlungu, ndipo ukuganiza zopachika nsapato. Usiku umenewo sindinagone.

Ntchito unasankhayi ndi yankhanza, ndinakuuza kale. Mu NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu, muli matimu 32, ndipo iliyonse imasunga kicker mmodzi, munthu ngati iwe womenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa mitengo. Anzako amathamanga masewero onse, akalakwitsa zimabisika m'chipwirikiti. Iwe umaima kunja, nkulowa mwina kanayi kokha, ndipo mpira ukachoka kwa woponya, wogwira nkuukhazika pansi, sipatha masekondi awiri iwe usanaumenye. Ukaphonya, dziko lonse laona.

Koma taganizira za Gary Anderson, amene anakulira ku Durban akusewera mpira wamiyendo ngati iwe. Mu 1998 ali ku Minnesota Vikings anamenya ma field goal (zigoli zomenya ndi phazi) 35 osaphonya ngakhale imodzi. Kenako mu Januwale 1999, pa masewero olowera ku Super Bowl (ndime yomaliza ya chikho cha NFL) ndi Atlanta Falcons, anaphonya wa mayadi 38, timu yake nkugonja. Chaka chonse cha thukuta, anthu nkungokumbukira mpira umodziwo. Zimandiwawa mpaka lero. Komatu bamboyo sanathawe, anasewerabe mpaka 2004. Adam Vinatieri naye palibe timu inamusankha pa draft, pamene matimu amasankha osewera atsopano, anayamba wakasewera ku Amsterdam, koma ndi mwendo wake womwewo umene unapatsa New England Patriots chikho mu February 2002.

Sindikunena kuti udzakhala ngati iwowa, ayi. Ndikunena kuti chisankho chotere usachipange mtima uli wotupa. Ma kicker amavulala, ena amaphonya ngati mmene waphonyera iwemu, ndipo matimu amaitana anthu kudzayesedwa mkati mwa sabata. Foni ikalira ikupeze mwendo uli wokonzeka. Pita kubwalo m'mawa uliwonse, onerera kanema wa mpira uja kamodzi ndi mphunzitsi wako, muone pamene phazi lopondera linatera, basi. Za pa Facebook usawerenge, olembawo sanamenyepo mpira pamaso pa chikhamu.

Chaka chikatha osaitanidwa, tidzakhala pansi tikambirane za digiri yako ija. Ndalama za malata usatumize mwezi uno, denga lidikira. Lipira kaye lendi ndi inshuwalansi ya kuchipatala.

Amayi ako akuti uwaimbire Loweruka akaweruka ku kwaya.

Ndine,
Bambo ako