Pepala limenelo usalisaine

Mwana wanga wokondedwa,

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ukangoti "Amayi ndili pa ntchito" nkhani imathera pomwepo. Kuno tili bwino. Shuga wanga watsikako, ndipo mvula yoyamba yagwa koma sitinabzale, tikudikira ina.

Azakhali ako anadutsa kuno Lamlungu pochokera kutchalitchi. Mkati mwa macheza anangotulutsa zoti wavomera kusainira mwamuna wa mnzako uja wa kwaya kuti abwere ku America. Ati malipiro a mnzakoyo sakukwana, ndiye akufuna munthu wina woti aikepo dzina lake, ndipo munthuyo ndi iwe. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, bwanji ndikuzimvera kwa azakhali ako?

Usaganize kuti pepalalo sindikulidziwa. Ndi lomwe lija la I-864 limene unanditumizira pamene unkayamba za mapepala anga oti ndibwere kumeneko, ndipo ndinaliwerenga lonse ndi magalasi anga, mzere ndi mzere, monga ndinkachongera mayeso a ana a Sitandade 8. Si kalata yoyamikira khalidwe la munthu ayi. Ndi pangano ndi boma la America. Ukasaina, walonjeza kuti munthuyo sadzakhala pansi pa mlingo umene iwo anaika, wa 125 peresenti ya malire a umphawi. Akadzalandira thandizo la boma, kaya la chakudya kaya la kuchipatala lotchedwa Medicaid, boma likhoza kubwera kwa iwe kuti ubweze ndalamazo. Ngakhale mwini wakeyo ali ndi mphamvu yokutengera kukhoti kuti uzimusamala. Iwe, osati mkazi wake yekha.

Nanga pangano limeneli limatha liti? Limatha iye akadzakhala nzika, kapena akadzagwira ntchito yokwana makota 40, zomwe ndi zaka pafupifupi 10, kapena akadzachoka m'dzikomo osabwereranso, kapena akamwalira. Ukwati wawo ukatha, panganolo silitha. Werenganso pamenepo. Iwo akhoza kusudzulana chaka chamawa, mnzakoyo n'kusamukira mzinda wina n'kusintha nambala, iwe n'kutsala ndi mwamuna wa eni ake pamsana. Munthuyo unamuonapo n'kamodzi komwe? Umadziwa ngati amamwa? Umadziwa ngati ntchito amaikonda?

Bambo ako anali ndi mtima ngati wakowu. Ukukumbukira chaka chimene anasainira mnzawo wa kuntchito ngongole ya kubanki? Unali wamng'ono, koma makina anga osokera aja unawaona akukwezedwa pa galimoto. Mnzawoyo anali atapita ku Joni, ndipo pamaliro a bambo ako sanabwere. Ndikamaona kufatsa kwako ndimasangalala, komanso ndimaopa, chifukwa mawu akuti ayi amakulemera pakamwa kuyambira kale. Unkagawa kamba wako kusukulu mpaka kubwera kunyumba ndi njala.

Ndimve bwino, sindikukuletsa kuthandiza. Mnzakoyo mugulire tikiti ngati uli nazo, mupatse ndalama za loya, muperekeze kokafunsa. Zimenezo ukapereka wapereka, zatha. Koma siginecha siitha. Iye alibe abale kumeneko? Abusa awo bwanji sakusaina?

Komanso uli kale ndi katundu wako. Zanga zili m'njira, ndipo pa ine udzasainanso pepala lomweli. Aliyense amene wamusainira amawerengedwa ngati wa pakhomo pako, ndiye malipiro amene akufunika kwa iwe amakwera nawo. Ukadzaza malo ndi alendo, mchimwene wako adzalowa pati? Zake ndiye n'zazitali kale. Ine monga kholo sindili pa mzere wodikira chiwerengero, koma abale obadwa nawo ali m'gulu lomwe amalitcha F4, la mavisa 65,000 okha pa chaka pa dziko lonse lapansi, ndipo anthu akudikira zaka zoposa 15. Ndamuuza kuti asagulitse njinga yake yamoto ija, azigwirabe kabaza, chifukwa tsiku limenelo lidzafika ana ake atakula, ena mwina atapitirira zaka 21 n'kugwa pa mndandanda. Anakwiya nane. Akwiye.

Pali inanso, ndipo iyi ndiinena kamodzi. Amalume ako akuyenda akulengeza kuti mwana wawo udzamulemba ngati mlongo wako. Usayerekeze. Lamulo la kumeneko silipereka njira kwa msuweni, mphwake kapena malume. Akakayikira amapempha kuyeza magazi, za DNA zija, ndipo bodza likaululika mnyamatayo akhoza kutsekeredwa khomo moyo wake wonse, iwenso n'kulowa m'mavuto ndi boma limene linakupatsa unzika. Amalume ako asiyire ine. Ndi mlongo wanga, ndikudziwa polankhula naye. Masiku ano a ku America akutiyang'anitsitsa ife Amalawi. Wamva kale zoti mu Ogasiti 2025 ofuna visa yokacheza anayamba kuuzidwa kupereka chikole chofika madola 15,000. Ino si nthawi yosewera ndi mapepala.

Ndibwerere kwa mnzako uja, poti ndi amene akundisowetsa tulo. Ndikudziwa kuti anakulandira utangofika, unagona pa mpando wake wa pabalaza nyengo yachisanu ija, ndipo ndimamupempherera chifukwa cha zimenezo. Ngongole ya chifundo chake ilipo, ndikuvomera. Koma sungaibweze ndi zaka 10 za thukuta lako la usiku kuchipatala kuja. Ngati ukuchita manyazi kumukana, ndinamizire ine. Umuuze kuti amayi akana, ndi okalamba ovuta. Dzina limenelo ndalizolowera.

Ngati wasaina kale, usandibisire. Pita kwa loya wa za olowa m'dziko sabata ino, ufunse ngati ungalibweze pepalalo visa isanatuluke, chifukwa akangolowa m'dzikomo ndi khadi lake lomulola kukhala kumeneko ndiye kuti chitseko chatsekeka. Usafunse kwa anzako a pa WhatsApp, upite kwa loya weniweni.

Mafuta opaka m'mawondo aja anandithandiza, ukapeza wobwera kuno unditumizireko ena. Mlamu wako akupereka moni, ana akufunsa za nsapato. Undiimbire Loweruka madzulo, ndipo usandiuze zoti uli pa ntchito.

Ndine mayi ako.