Lipoti la msonkhano wa ku Mponela kwa amayi a gulu lathu

Amayi apampando, alembi, asungichuma ndi amayi anzanga nonse, ndabwerako bwino ku Mponela kumene munandituma. Ndalemba lipotili pagulu pano kuti amene simudzapezeka pa nkhumano ya Loweruka mumve nanunso, makamaka poti zandipeza kuti ena akuti ndinangopita kukadya nyama ndi kulandira alawansi. Ndiyambe ndi za ndalamazo. Okonza msonkhano anatibwezera ya thiransipoti kuchokera pa depoti ya Lilongwe, kupita ndi kubwera, ndipo malo ogona ndi chakudya analipira okha. Imene gulu linandibwereka ndabweza kwa asungichuma pamodzi ndi malisiti. Yotsalayo ndi yanga monga tinagwirizana, pakuti benchi yanga kumsika inali yotseka nthawi yonseyo.

Mutu wa msonkhano unali nkhanza zokhudza kugonana pamene woganiziridwayo ndi munthu waudindo pandale, komanso zimene ife anthu wamba timachita nkhani yotere ikaphulika. Kunali amayi a m'magulu ngati lathuli, maloya, atolankhani, anamwino, apolisi a Victim Support Unit, abusa ndi mashehe. Mmawa woyamba unathera m'malonje ndi zoyankhula za alendo olemekezeka. Gawo la kalembedwe ka malipoti opita kwa opereka thandizo silikutikhudza.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la loya wina wamayi, amene anatifotokozera nkhani ya ku South Africa. Mu 2005 mtsikana amene ankadziwika ndi dzina lobisa loti Khwezi anadandaula kuti Jacob Zuma wamugwiririra. Bambo ake a mtsikanayo anali mnzake wa Zuma pa nkhondo yolimbana ndi tsankho, choncho kwa iye Zuma anali ngati kholo. Mlandu unazengedwa ku Johannesburg mu 2006. Zuma anati anagwirizana, ndipo pa 8 Meyi khothi linamupeza wosalakwa. Loyayo anati chigamulo chimenecho tichilemekeze, koma tiyang'ane zimene zinkachitika panja pa khothi. Khamu la omutsatira linkaimba ndi kuvina tsiku ndi tsiku, kuwotcha zithunzi za mtsikanayo, kumutukwana kuti ndi hule woyenera kuwotchedwa. Ambiri mwa ovinawo anali amayi. M'khothi namo anamufunsa za amuna amene anagonapo nawo kale, ngakhalenso za chitenje chimene anavala usiku umenewo. Chitenje, amayi anzanga, chomwechi timamanga pachifuwa tikamachokera kubafa. Mlandu utatha Khwezi anathawira ku Netherlands ndi mayi ake. Zuma anakhala pulezidenti mu 2009. Mu Ogasiti 2016 atsikana anayi anaima chete kutsogolo kwake atanyamula zikwangwani zokumbutsa dziko za Khwezi, iye akuyankhula pa mwambo wolengeza zotsatira za chisankho. Mu Okutobala chaka chomwecho Khwezi anamwalira.

Ine pamenepo ndinaona nkhope zathu zomwe. Ndani mwa ife sanamangepo nsalu yachipani n'kukavina pamsonkhano dzuwa lili pamutu? Kuvinako si tchimo. Koma mawu amene timatulutsa bwana wathu akatchulidwa pa nkhani yotere ndi omwewo: watumidwa ameneyo, akufuna kuwaipitsira mbiri, amakatani kunyumba kwa mwamuna usiku, bwanji sananene kalekale. Wotchulidwayo akakhala wa chipani china, pakamwa pomwepo timati amangidwe lero lomwe.

Anatipatsa zitsanzo zina mwachidule. Ku Israel Moshe Katsav, amene anali pulezidenti, anapezeka wolakwa pa mlandu wogwiririra mu 2010, anagamulidwa zaka 7 ndipo ndende anailowadi. Ku America khothi linapeza mu 2023 kuti Donald Trump anachitira nkhanza zogonana mayi wolemba nkhani E. Jean Carroll n'kulamula kuti alipire madola 5 miliyoni, iye akukanabe, ndipo mu 2024 anthu anamusankha kukhala pulezidenti. Ku Gambia Fatou Jallow anaima poyera mu 2019 kunena kuti Yahya Jammeh anamugwiririra ali pampando. Anthu a Jammeh anakana.

Ya ku Senegal ndiyo inautsa mkangano m'holomo. Mtsogoleri wotsutsa boma Ousmane Sonko ananenedwa ndi mtsikana wina mu 2021. Iye anati ndi chiwembu cha boma chofuna kumutsekereza pa chisankho. Mu Juni 2023 khothi linati mlandu wogwiririra ulibe umboni wokwanira koma linamugamula zaka ziwiri pa mlandu wina, ndipo zipolowe zimene zinatsatira zinaphetsa anthu. Mu 2024 anakhala nduna yaikulu. Abambo ena anaimirira n'kunena kuti mwaonatu, andale amagwiritsa ntchito akazi pogwetsana. Sindikutsutsa kuti zimachitika. Koma ndinawayankha kuti ngati tikuopa bodza, mankhwala ake ndi kufufuza msanga ndi mosakondera. Kuopseza wodandaula kuti akhale chete sikuyeretsa aliyense. Wosalakwa amayeretsedwa ndi kafukufuku yemweyo.

Tinafika kwathu kuno. Pa 8 Okutobala 2019 wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ku Msundwe pa chipwirikiti cha ndale, ndipo apolisi amene anapita kumeneko pambuyo pake anachitira nkhanza amayi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission (MHRC) linafufuza n'kupeza kuti ena anagwiriridwadi. Bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyi kukhothi, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso. Ndi pamsewu wa ku Mchinji pomwepa, kumene ena mwa ife timakapikula tomato. Mukukumbukira zimene zinkayankhulidwa m'maminibasi nthawi imeneyo? Okonda boma la nthawiyo ankati ndi bodza la otsutsa. Otsutsa nawo ankawatchula amayiwo pamisonkhano, chisankho chitadutsa ambiri anawaiwala. Anatikumbutsanso lipoti la bungwe la MHRC la mu 2021, limene linapeza kuti amene anali mkulu wa MBC ankachitira nkhanza zotere amayi ogwira ntchito pansi pake. Amayi amenewo anali ophunzira, a pantchito yolembedwa, komabe anasunga nkhaniyo zaka chifukwa choopa kuchotsedwa. Nanga mwana wa mayi wogulitsa mandasi?

Apa ndiye ndinene zimene zakhala zikundidya. Nonse mukuidziwa nkhani ya mtsikana uja wa kuno kwathu amene anapita kwa mkulu wina wachipani kukapempha thandizo la fizi. Sinditchula dzina la mwanayo, la mkuluyo, ngakhale chipani chake. Mayi ake anabwera pankhumano yathu, anakhala pamkeka pakhomo penipeni, akupotokola nsonga ya chitenje, mawu osatuluka bwino. Anangopempha kuti wina awaperekeze kupolisi. Tinawauza kuti komiti ikambirana. Sabata yotsatira mkulu uja anatumiza nsalu ndi envulopu yothandizira banki mkhonde yathu, ndipo nkhani ija sinabwerenso pa ajenda. Nditafunsa ndinauzidwa kuti tisalowetse ndale m'gulu, komanso kuti mwanayo ndi woyendayenda. Amayi apampando, mundikhululukire, koma ndale zinalowa m'gulu tsiku limene tinalandira envulopu ija. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake pamenepa ndi ndalama za banki yathu. Sindikunena kuti mkuluyo ndi wolakwa, zimenezo ndi za khothi. Ndikunena kuti mayi anatipempha kuwaperekeza ndipo sitinapite. Banja lija linasamuka, mwana sukulu anasiya, mkulu uja akukhalabe pampando wakutsogolo pamaliro aliwonse.

Namwino wa ku One Stop Centre, kumene ena amati Chikwanekwane, anatiphunzitsa zimene ndikufuna aliyense azisunge pamtima. Munthu akagwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyo, ndipo olepheretsa pathupi nawo amafuna changu. Ngati n'kotheka asasambe, zovala asachape, azikulunge m'pepala osati m'jumbo. Ku Kamuzu Central kuli malo oterewa, kumene adokotala, apolisi ndi aulangizi amapezeka pamodzi. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Anatinso aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa malamulo, choncho zoti anavomera yekha kapena analandira ndalama tisamazitenge ngati yankho. Chimene chimaononga milandu yambiri ndi masiku amene amatha achibale akukambirana kuseri ndi nthumwi za bwana.

Loya uja anawonjezera za lamulo la Gender Equality Act la 2013. Kugwiragwira munthu asakufuna, kumuumiriza chibwenzi kuti apeze ntchito, ngongole kapena malo pamsika, ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu. Ambiri a ife timaganiza kuti pokhapokha munthu atagwiriridwa ndiye pali mlandu. Ayi.

Gawo la atolankhani linali lalitali, koma mfundo yake ndi imodzi: dzina ndi chithunzi cha wodandaula zisaulutsidwe. Izi zikutikhudza chifukwa pa WhatsApp pano timatumizirana zithunzi za ana a eni tisanaganize.

Pomaliza panamangidwa mfundo zitatu. Yoyamba, kulembera zipani zonse kuti mtsogoleri akanenedwa pa nkhani yotere ayambe waima pambali mpaka kafukufuku atatha. Imeneyi ndinaivomera ndi manja awiri, ngakhale abambo ena anati ndi kuweruza munthu asanazengedwe. Mphunzitsi akanenedwa amaimitsidwa kaye, wandale aposa pati? Yachiwiri, magulu asamatchule maina a oganiziridwa pa Facebook nkhani isanafike kupolisi kapena ku MHRC. Ndinavomera monyinyirika, chifukwa ndikudziwa kuti nkhani zina zimayenda pokhapokha zitachita phokoso, komabe gulu laling'ono ngati lathu likhoza kusumiridwa n'kutha. Yachitatu, kukonza ulendo wa ndawala pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, ndipo ndalama zambiri zipite ku matisheti ndi zikwangwani. Imeneyi ndinaikana poyera ndipo ndinagonja pa mavoti. Timayenda chaka ndi chaka, matisheti adzaza m'masutikesi, koma mayi akafuna ya kabaza ndi minibasi kuti afike ku Central usiku, palibe thumba lotapamo.

Choncho Loweruka ndidzabweretsa zopempha izi. Tikhazikitse kathumba kapadera ka thiransipoti ya kuchipatala ndi kupolisi, aliyense aziponyamo kangachepe tsiku la banki. Tisankhe amayi awiri operekeza, amene foni zawo sizizima usiku, ndipo ine ndadzipereka kukhala mmodzi. Tilembe m'malamulo a gulu kuti mphatso ya wandale isalandiridwe ndi komiti yokha popanda gulu lonse kumva. Ndipo alembi abwezere pa ajenda nkhani ya mwana uja. Azakhali ake akadali konkuno, ndawapeza dzulo ndipo avomera kubwera ngati amayi apampando angawaitane. Timabuku ta lamulo lija la Gender Equality Act m'Chichewa ndabwera nato tochepa, tili kwa alembi, wofuna abwereke n'kubweza.