Magazi pa mswachi si chifukwa chosiyira kutsuka mano

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tinenepo za chiseyeye, chifukwa anthu ambiri amafika kuchipatala dzino likugwedera kale, akungopempha kuti lizulidwe.

Matendawa sayamba ndi ululu. Nkhama zabwino zimakhala zolimba, zogwira dzino, ndipo sizituluka magazi. Zikayamba kudwala zimatupa m'mphepete, malovu a potsuka mano amatuluka ofiira, ndipo ena amaona magazi pa nzimbe kapena pa chimanga chowotcha. M'kamwa mumanunkha ngakhale mwangotsuka kumene.

Gwero lake ndi litsiro loyera, loterera, lodzaza tizilombo, lomwe limaunjikana pamene dzino lakumana ndi nkhama. Kandani ndi chikhadabo, muliona. Likakhala masiku angapo limauma gwaa n'kusanduka lachikasu, makamaka kuseri kwa mano akutsogolo am'munsi, ndipo likatero mswachi sungalichotse. Limapalidwa ndi zida kuchipatala. Tsoka ilo, munthu akaona magazi amayamba kulambalala malowo potsuka, litsiro n'kuchulukirachulukira. Pamene pakutuluka magazi ndi pomwe pakufunika mswachi.

Tsukani kawiri pa tsiku, mphindi 2 ulendo uliwonse, makamaka usiku musanagone. Mswachi ukhale wofewa. Upendekeni kuti nsonga zake ziloze m'malire a dzino ndi nkhama, n'kumazunguliza pang'onopang'ono, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kunja ndi mkati momwe. Kukwecha mwamphamvu ngati mukutsuka poto kumangobwezera nkhama m'mbuyo, muzu wa dzino n'kukhala pamtunda. Mankhwala otsukira akhale okhala ndi fluoride, yemwe amalimbitsa mano kuti asabooke. Kwa akulu, pa chubu palembedwe 1,350 mpaka 1,500 ppm, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa fluoride. Mukamaliza lavulani basi, osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Pakati pa mano pititsani ulusi wa mano kamodzi pa tsiku. Phini ndi mtengo wa machesi zimabaya nkhama, pamene makala, phulusa ndi mchenga zimapala chikuto cha dzino, chomwe sichimeranso. Mswachi usinthidwe pa miyezi 3 iliyonse, kapena ukangonyankhalala.

Mukatsuka motere kwa masabata awiri, magazi amayenera kusiya. Akapitirira, pitani kwa a mano kuchipatala cha boma chapafupi akapale litsirolo. Mukachedwa, matendawa amatsikira ku fupa logwira dzino, mafinya amayamba, mipata imatseguka pakati pa mano, ndipo fupa lodyekalo silibwerera.

Amayi oyembekezera nkhama zawo zimatupa msanga, ndipo kupalitsa mano sikuvulaza mwana. Odwala shuga asamale kwambiri, pakuti chiseyeye chimavutitsa shuga kutsika. Osuta fodya asadzinamize kuti ali bwino poona kuti sakutuluka magazi: fodya amafinya mitsempha ya m'nkhama, matenda n'kumadya mwakachetechete.

Ogwira ntchito za mano,
Zomba